MALUWA OKHALITSA: ENA AFUNA DZUWA, ENA AFUNA MTHUNZI

Munthu wochokera kumudzi akafika ku Blantyre mwezi wa Okutobala, pamene mitengo ya jakaranda yachita maluwa ndipo udzu wa m'misewu unauma kale, amadabwa poona kuti pa nyumba zina za ku Sunnyside, ku Namiwawa ndi ku Mandala maluwa akali amoyo m'mphepete mwa njira ndi mwa mipanda. Ambiri amayesa kuti chinsinsi chake ndi ndalama ndi madzi a m'mipope basi. Tsono pobwerera kwao amagula timbewu tiwiri titatu kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu, nakabzala pakhomo kapena pa sukulu, koma isanathe miyezi itatu tonse tafota. Ndalama yapita, ndipo madzi amene ana anatunga kuchitsime apita pachabe.

Kawirikawiri cholakwa sichikhala duwalo ayi, koma malo amene laikidwa. Alipo maluwa ofuna dzuwa tsiku lonse, ndipo alipo ena amene kwao ndi pansi pa mitengo. Duwa la mthunzi likaikidwa padzuwa limapsa masamba. La dzuwa likaikidwa pamthunzi limatalika ngati chimanga chomera pansi pa mango, osachita maluwa. Chifukwa chake munthu ayenera kuyamba wadziwa malo ake, ndipo pambuyo pake asankhe duwa loyenera malowo.

Maluwa okhalitsa ndi otani?

Maluwa ali m'magulu awiri, monga mbewu za m'munda. Ena ali ngati chimanga: amamera, nachita maluwa, nabala njere, nafa chaka chomwecho. Otere ndi zinnia, marigold ndi cosmos, ndipo afunika kufesa chaka ndi chaka. Ena ali ngati nthochi: akabzalidwa kamodzi amakhala zaka zambiri, nabereka ana m'mbali mwa tsinde. Amenewa ndiwo maluwa okhalitsa.

Kwa munthu wa pamudzi ndi kwa mphunzitsi maluwa okhalitsa ndiwo opindulitsa. Safuna kugula njere chaka chilichonse. Mizu yake imagwira nthaka ya pabwalo kuti isakokoloke ndi madzi otsika padenga, ndiponso amachepetsa fumbi m'chilimwe. Koma popeza adzakhala pamalo amodzi zaka zambiri, kulakwitsa posankha malo kumawawa koposa.

Kuyesa mbewu kunayamba kale

Ntchito yoyesa mbewu zachilendo ku Blantyre inayamba pamodzi ndi mudziwo. Amishoni a Church of Scotland atakhazika Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876, pakati pao panali John Buchanan, munthu wodziwa ntchito ya m'minda. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan anabwera ndi timitengo titatu ta khofi kuchokera ku munda wa mbewu wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, koma kamodzi kanapulumuka, ndipo kameneko ndiko kanayambitsa ulimi wa khofi ku mapiri a Shire. Ku Zomba nako Alexander Whyte anayamba munda woyeseramo mbewu m'chaka cha 1891.

Maluwa ambiri amene aoneka m'minda ya Blantyre ndi Limbe anachokera kunja, makamaka ku South Africa, ku America ndi ku Asia. Amene atsala kufikira lero ndiwo amene anapirira nyengo ya kuno. Pamodzi ndi maluwawo panabweranso mabuku a ku Ulaya, ndipo apa pafunika kuchenjera. Buku lolembedwa ku Britain limati mbali ya kummwera ya nyumba ndiyo ya dzuwa. Zimenezo n'zoona kwao, koma kuno zinthu zili motembenuka.

Kumene dzuwa lidzera

Dziko la Malawi lili kummwera kwa mzere wa pakati pa dziko lapansi. Ku Blantyre dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri pachaka: kumayambiriro a Novembala ndi kumayambiriro a Febuluwale. Kuyambira Febuluwale kufikira Novembala limadzera chakumpoto, ndipo mwezi wa Juni ndipo limapendekera kumpoto kwambiri. Pakati pa Novembala ndi Febuluwale limadzera chakummwera pang'ono chabe.

Chitsanzo chake ndi ichi. Khoma lotalika mapazi 8, mwezi wa Juni nthawi ya 12 koloko masana, limaponya mthunzi woposa mapazi 6 kumbali ya kummwera. Pofika pakati pa Okutobala mthunzi womwewo wafupika kufikira phazi limodzi lokha. Mwezi wa Disembala mthunziwo umaolokera kumpoto, koma nawonso sukhala wopitirira phazi limodzi kwenikweni.

Apa ndipo pamene ambiri amanyengedwa. Munthu amayang'ana kuseri kwa nyumba nthawi yachisanu, naona mthunzi wabwino, nabzalapo maluwa a mthunzi. Koma pofika Okutobala, mwezi wotentha koposa, mthunzi uja wathawa, ndipo maluwa atsala pamtetete. Mthunzi wa khoma ndi woyendayenda. Mthunzi wodalirika ndi wa mtengo kapena wa khonde lotambalala.

Mbali zinayi za nyumba zili chotere. Kumpoto kuli dzuwa pafupifupi chaka chonse. Kumadzulo kuli dzuwa lamasana, loopsa koposa, ndipo khoma limasunga kutentha kufikira usiku. Kum'mawa kuli dzuwa lam'mawa, lofatsa, ndipo masana kuli mthunzi. Maluwa ambiri amakonda kumeneko. Kummwera kuli mthunzi nthawi yachisanu, koma dzuwa nthawi yotentha.

Mphunzitsi angathe kuchita phunziro labwino pa zimenezi. Ana akhome zikhomo pothera mthunzi wa sukulu pa 9 koloko m'mawa, pa 12 koloko ndi pa 3 koloko masana, ndipo alembe m'kope. Achite chomwecho mwezi wa Juni, nabwerezenso mwezi wa Okutobala. Malo olandira dzuwa maola 6 kapena kuposa ndi malo a dzuwa. Olandira maola 3 kufikira 6 ndi a pakati. Osafika maola 3 ndi a mthunzi.

Blantyre sali pamodzi

Ngakhale Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala mzinda umodzi m'chaka cha 1956, nyengo yake siili yofanana ponseponse. Pakati pa Blantyre pali pamtunda wa mapazi pafupifupi 3,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Limbe ali pamwamba kuposa pamenepo, kotero kuti ku Limbe, ku Mpingwe, ku Bangwe ndi ku Chigumula kumazizira, ndipo chiperoni chimanyowetsa nthaka nthawi yachisanu. Chileka ali mmunsi, pa mapazi pafupifupi 2,500, ndipo kumatentha ndi kuuma msanga. Duwa limene lipirira dzuwa la ku Limbe lingafune kamthunzi ka masana ku Chileka.

Mvula ya ku Blantyre imapitirira mainchi 40 pachaka, koma pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo. Miyezi yotsalayo maluwa adalira madzi othirira. Madzi ambiri a m'mipope ya mu mzinda amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda woposa mamailosi 20, ndipo amachita kukankhidwa ndi makina kukwera chitunda. Madzi otere sali oseweretsa. Kumudzi nako ndowa iliyonse imabwera pamutu pa munthu. Tsono posankha duwa pali mafunso awiri: lifuna dzuwa lotani, ndipo lidzamwa madzi ochuluka bwanji mu Seputembala ndi Okutobala?

Maluwa a padzuwa

Pa malo atsopano opanda mitengo, monga ambiri a ku Machinjiri ndi ku Chileka, ndiponso pa mabwalo a sukulu, awa ndiwo oyenera.

Aloe ndiye woyamba kwa munthu wosowa madzi. Ali ndi masamba onenepa, a minga m'mbali, osunga madzi. Mitundu ingapo ndi ya dziko lino. Aloe cameronii, amene masamba ake amafiira dzuwa likakula, analandira dzina la Kenneth Cameron amene anamutumiza ku munda wa Kew ku England kuchokera kuno, ndipo Aloe buchananii anatchedwa dzina la John Buchanan uja. Aloe ambiri amachita maluwa nthawi yachisanu, pamene ena onse ali duu, ndipo timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa timabwera. Afuna nthaka ya miyala kapena ya mchenga. Pa malo odikha madzi amaola.

Gazania ndi wamfupi, woyanga pansi, wa maluwa achikasu kapena ofiirira. Maluwa ake amatseguka dzuwa likawala, natseka madzulo ndi tsiku la mitambo. Pamthunzi satseguka konse. Ndi wabwino kutsogolo kwa bedi.

Geranium ndi wodziwika kwa amayi ambiri, pakuti amamera ndi nthambi yothyola. Amapirira chilala, koma sakonda nthaka yonyowa nthawi zonse. Pansi pa khonde loyang'ana kumpoto, pamene mvula siimenya kwambiri, amakondwa.

Salvia wa ku Mexico, wa masamba otuwa ndi maluwa ofiirira ofewa ngati bweya, amafika m'chiuno. Amachita maluwa kumapeto a dzinja ndi nthawi yachisanu. Maluwa akatha adulidwe pafupi ndi pansi, ndipo adzaphukanso.

Kana ali ndi masamba onga a nthochi, ndi maluwa ofiira, achikasu kapena amawangamawanga. Amatalika kufika pachifuwa kapena kuposa. Afuna dzuwa, manyowa ambiri ndi madzi. Malo ake ndi kumene kumathera madzi a kubafa kapena a pa mjigo. Pamtunda pouma amakhala wonyozoloka m'chilimwe.

Maluwa a malo a pakati

Kum'mawa kwa nyumba, ndi pansi pa mitengo ya masamba apatalipatali monga jakaranda, ndi malo a maluwa awa.

Agapanthus anachokera ku South Africa. Ali ndi masamba aatali onga malamba, ndipo kumayambiriro a dzinja amatulutsa phesi lalitali lokhala ndi mutu wa maluwa obiriwira ngati kumwamba kapena oyera. Mizu yake ndi yonenepa, yogwira nthaka zolimba, kotero ndi wabwino m'mbali mwa njira yotsetsereka. Ku Limbe amapirira dzuwa lonse. Kumalo otentha afuna mthunzi wa masana.

Daylily anachokera ku Asia. Duwa lake lililonse limakhala tsiku limodzi lokha, koma phesi limodzi limakhala ndi maluwa ambiri otseguka motsatana. Savuta kusamala.

Amaryllis ali ndi chinthu chonga anyezi wamkulu pansi. Amatulutsa maluwa aakulu ofiira mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe. Pobzala, khosi la anyeziyo lionekere pamwamba pa nthaka.

Barberton daisy, wotchedwa dzina la mudzi wa Barberton ku South Africa, amakonda dzuwa lam'mawa. Asakwiriridwe pamtima, pakuti amaola.

Maluwa a pamthunzi

M'minda yakale ya ku Sunnyside, ku Nyambadwe ndi ku Mount Pleasant mitengo inakula, ndipo mthunzi ndi wambiri. Chimodzimodzi pa mishoni zakale ndi pa midzi yokhalitsa. Koma mithunzi siili yofanana. Pansi pa mango wamkulu pali mdima, ndipo mvula yochepa siifika pansi. Pansi pa bulugamu mizu ya mtengo imamwa madzi onse. Pa malo awiri amenewa maluwa amavutika, ndipo n'kwabwino kuika bedi chakunja, pothera nthambi.

Impatiens ndi duwa la mbali ino ya Africa, lomera lokha m'nkhalango zonyowa ndi m'mbali mwa mitsinje. Dzina lake lonse ndi Impatiens walleriana, kukumbukira Horace Waller amene anafika ku Magomero ndi Bishopu Mackenzie m'chaka cha 1861. Lero limalimidwa m'maiko ambiri. Tsinde lake ndi lamadzimadzi, ndipo likasowa madzi tsiku limodzi lotentha limagwa. Ndi loyenera kumalo ozizira monga Limbe, kapena pafupi ndi madzi.

Clivia ndi wa m'nkhalango za ku South Africa. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri chaka chonse, ndipo maluwa ake, a maonekedwe a lalanje lakupsa, amabwera chisanu chikamatha. Dzuwa lamasana limamutentha masamba, koma pansi pa mtengo amapirira kuuma kuposa impatiens. Wofesa njere adikire zaka zitatu kapena zinayi asanaone duwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali duwa lina lodziwika kwa abusa a ng'ombe, limene limatuluka pansi pa mitengo ndi pa zulu mvula yoyamba ikagwa, lofiira, lozungulira ngati mpira, masamba asanatuluke. Dzina lake la m'mabuku ndi Scadoxus. M'munda limakhala bwino pamthunzi, ndipo m'chilimwe limagona pansi osafuna madzi. Anyezi wake ndi wa poizoni.

Kutsogolo kwa bedi la mthunzi kuyenera spider plant, wa masamba a mizere yoyera, amene amabereka tiana kunsonga ya timapesi. Begonia ndi coleus nawonso amakonda kuwala kopanda dzuwa lamasana.

Oyenera kuchenjera nawo

Si duwa lililonse lokongola limene liyenera kubwera pakhomo. Lantana, chitsamba cha timinga ndi timaluwa tosakaniza maonekedwe, anafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa la m'munda. Mbalame zimadya zipatso zake ndi kumwaza njere, ndipo tsopano watseka malo odyetsa ziweto. Ng'ombe ikadya masamba ake imadwala chiwindi, khungu limasupuka padzuwa, ndipo ingathe kufa. Deliya, wa maluwa achikasu, amene wadzaza m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, anachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Masamba ake ndi abwino pa kompositi, koma m'bedi amapondereza anzake. Namasupuni, amene amavutitsa pa mtsinje wa Shire, kwao ndi ku South America, ndipo anayenda m'maiko chifukwa anthu anakonda maluwa ake.

Ena ndi a poizoni. Oleander, chitsamba cha masamba aatali osongoka ndi maluwa oyera kapena ofiirira, ndi woopsa monse: masamba, maluwa, nthambi, ngakhale utsi wake. Asabzalidwe pa sukulu kapena pofika mbuzi. Flame lily, duwa lofiira ndi lachikasu loyanga m'tchire nthawi ya dzinja, limenenso ndi duwa la fuko la Zimbabwe, lili ndi muzu wonga kachinangwa umene ungaphe munthu. Ana aphunzitsidwe kusalawa muzu, njere kapena tsamba la duwa lililonse, ndi kusamba m'manja akatha ntchito.

Kukonza bedi

Bedi lisapitirire mapazi 4 m'lifupi mwake, kuti dzanja lifike pakati popanda kuponda. Pakati pa bedi ndi khoma pasiyidwe mpata wa mapazi awiri. Kuthirira pafupi ndi khoma la zidina kumafewetsa maziko, ndipo zinyalala zogunda khoma zimaitana chiswe.

Nthaka ikumbidwe kuya phazi limodzi, nisakanizidwe ndi manyowa oola bwino kapena kompositi. Katondo wa ku Blantyre amalimba ngati njerwa m'chilimwe, ndipo manyowa ndiwo amamufewetsa. Pa makande bedi likwezedwe, ndi kuthirapo mchenga. Bedi la aloe lisachuluke manyowa. La pamthunzi lichuluke masamba oola, monga ikhalira nthaka ya m'nkhalango.

Maluwa aatali akhale kumbuyo, apakati pakati, aafupi kutsogolo. Kana atalikirane mapazi awiri, agapanthus ndi clivia mainchi 18, gazania phazi limodzi. Chachikulu n'chakuti ofuna madzi ambiri akhale paokha, ndi opirira chilala paokha. Aloe ndi kana akakhala bedi limodzi, mmodzi adzaola kapena winayo adzauma.

Kubzala ndi kugawa

Nthawi yobzala ndi pamene mvula yakhazikika ndipo nthaka yanyowa, makamaka mwezi wa Disembala, madzulo kapena tsiku la mitambo. Wobzala nthawi imeneyi amapatsa mizu miyezi inayi ya mvula yaulere. Mvula ikatha, bedi liphimbidwe ndi udzu wouma kapena masamba, koma osagunditsa patsinde. Kuthirira kokwanira kawiri pa mlungu kumaposa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku, pakuti mizu imatsikira pansi kutsata madzi. Madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira zovala angathe kuthirira, asakhale a mchere kapena a sopo wambiri. Zitini ndi miphika yosweka zisasiyidwe ndi madzi m'maluwa, chifukwa zimaswetsa udzudzu. Nkhuku ndi mbuzi zitchingidwe ndi kampanda ka bango kapena ka nsungwi.

Pakapita zaka zitatu kapena zinayi, agapanthus, daylily ndi kana amathithikana, ndipo maluwa amachepa. Tsinde lonse lizulidwe ndi khasu, ligawidwe ndi chikwanje chakuthwa kotero kuti chigawo chilichonse chikhale ndi mizu ndi mphukira, ndipo masamba adulidwe theka asanabzalidwenso. Tsinde limodzi limapatsa anayi kapena asanu. Clivia yekha sakonda kusunthidwa kawirikawiri.

Motero munthu safunika ndalama zambiri. Mbewu yopempha kwa mnansi imaposa yogula kutali, pakuti yaonetsa kale kuti imagwirizana ndi nthaka ndi nyengo ya pamalopo, ndiponso wopemphayo amaona ndi maso ngati ili padzuwa kapena pamthunzi. Wogula kwa ogulitsa a mu mzinda afunse mafunso awiri aja, la dzuwa ndi la madzi, ndipo asakopeke ndi duwa lokongola la m'chubu limene lakulira pansi pa shedi. Maluwa a m'mapiri monga Michiru, Soche ndi Ndirande asakumbidwe. Akatha kumeneko sadzabweranso.

Woyamba ntchito imeneyi ayambe ndi bedi limodzi ndi mitundu iwiri kapena itatu, ndipo aonjezere chaka chamawa pogawa yomweyo. Amene afuna malangizo ena afunse Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera lake. Koma ntchito yoyamba siifuna khasu kapena ndalama: ndiyo kuyang'ana kumene mthunzi wa nyumba ugwera mwezi uno, ndi kuulemba, kuti pofika Disembala duwa lililonse lidzapeze malo ake.